Kandevu wa Achimwene Jameson

Lolemba, 3 Okutobala 2005

Kutentha. Damu la Gaborone likuphwa, ndipo aletsa kuthirira maluwa ndi madzi a pampopi.

Mkazi wanga Felistas wakwanitsa masabata atatu ku Thyolo. Anapita kumaliro a achimwene anga Jameson m'malo mwa ine, poti pasipoti yanga inali ku ofesi ya mapemiti. Ndi mmene ndimauzira anthu. Zoona zake, ndikanalimbikira akanandipatsa.

Lero ndayang'anitsitsa kaduwa kamene achimwenewo anatibweretsera mu '99. Anakatola pa nthambi yakugwa m'munda wa tiyi. Kaokidi kokwana m'chikhatho, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe, mizu yokhayokha yotuwa itakangamira pa khungwa. Ankakatcha Kandevu. Zaka zisanu ndi chimodzi kali lende pawindo la kubafa, ine osakalabadira.

Lachitatu, 5 Okutobala

Mizu ili pamtunda, mbuu, ngati kakufa ndi ludzu. Zandikhudza. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite anandiuzapo kuti kaduwaka n'kachibale ndi chinaka. Nanga chinaka si chimamera m'dothi? Ndakamatula pa khungwa paja, ndakabzala m'chitini cha jamu, dothi lakuda ndi manyowa a mbuzi, n'kuthirira madzi otsukira mbale.

Koyamba kuwachitira kanthu achimwene chaka chino.

Loweruka, 8 Okutobala

F. sanaimbe. Ndathiriranso.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Kafungo pawindo.

Mayi Hawa, atelala a ku Gaborone West aja, kwawo ku Mulanje, anabwera ndi thalauza langa. Pokasamba m'manja anaona chitini, anakuwa ali konko: "Bambo a Taonga, wakwirira ichi ndani? Mwayesa mbatata?"

Ndinatchula za chinaka. Anaseka, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Ameneyu amadya nkhungu, bambo. Kwathu amakhala m'mwamba m'mitengo. Mizuyi ndiye masamba ake, imafuna kuwala ndi mphepo. Mabuku onsewa m'nyumba muno!"

Tinafukula ndi supuni. Mizu yambiri yada, yafewa, ikungophulika m'zala. Anadula yowolayo ndi sizasi yawo, inatsala itatu. Khungwa lija ndinakalitola m'bini momwe ndinalitaya. Anakamangirira pakhungwapo ndi ulusi wakuda, mosalimbitsa. Akuti pamthunzi powala, ndipo ndisakhudzenso.

Lachitatu, 12 Okutobala

F. waimba kuchokera pa boma. Mawu oyamba atatha moni: "Kandevu mukumuwaza?"

Akuti m'mawa uliwonse, madzi pang'ono chabe, aziuma dzuwa lisanalowe. Osati a pampopi, amamuwotcha. A mvula, ali m'zigubu za mafuta ophikira kuseri kwa chitseko. Zigubu zomwe zija ndinkamuseka nazo, ati kutunga mvula ya ku Botswana ndi kapu. "Ndinakuuzani tili pa renki ya mabasi." Ndinali pa nyuzipepala.

Akutinso achimwene ali m'chipatala ankafunsa aliyense wochokera kuno ngati kanachita maluwa. Kanachita, Disembala wathayu. Timaluwa toyera, tochepa kuposa njere za mpunga, masabata awiri athunthu. Ndinkameta ndevu pomwepo tsiku ndi tsiku. Sindinatione. Kalata yawo ya Malichi ikadali m'dirowa, yosayankhidwa.

Ndinati, "Kandevu ali bwino."

Lachisanu, 14 Okutobala

Mwa mizu itatu ija, umodzi wafota. Zigubu zatsala ziwiri. Kumwamba kuli yeee.

Lamulungu, 16 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Ndinaimba ndine, pa foni ya asisitere a kuchipatala, n'kudikira kuti akamuitane F. Ndinamuuza zonse: chitini, manyowa, bodza la Lachitatu, za pasipoti zomwe. Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwake.

Kenako: "Tengani chigubu. Muwaze tsopano, ndili pompano. Muzu ukakhala wamoyo umasintha mtundu."

Ndinaika foni pa sinki. Ndinaviika zala, n'kuwaza. Muzu wautali unakhalabe mbuu. Waufupiwo, wokhota ngati mbedza, unayamba kubiriwira kuchokera kunsonga.

Mawu a F. ankamveka pa sinki, aang'ono: "Bambo a Taonga? Mwaona chiyani?"