Pepala limene Olipa anabweretsa

Chongwe
9 Okutobala 1996

Alongo anga a Tisauke,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Kodi mwendo wa amayi unaphwa? A Greenwell atabwera ndi mtedza uja anandiuza kuti amayi akuyendera ndodo, koma a Greenwell amathira mchere pa nkhani, choncho ndikufuna ndimve kwa inu. Ine ndili bwino. Kuno kwatentha, mtsinje wa Chongwe watsala maiwe okhaokha.

Ndili ndi pempho limodzi, koma ndiyambe ndafotokoza kumene likuchokera.

Mu Giredi 8 ndili ndi ana 58 ndi mabuku a Chingerezi khumi ndi limodzi. Ndiye anawo ndinawagawa m'magulu. Gulu lililonse limasankha mtsogoleri ndi funso lake, limafufuza yankho powerenga, ndipo Lachisanu limafotokozera kalasi yonse zimene lapeza. Ine ndimangozungulira. Chifukwa cha kuchepa kwa mabuku, ndinawauza kuti azibweretsa chilichonse cholembedwa chimene angapeze kunyumba. Anabwera ndi nyuzipepala zokulungira kapenta, makalata akale, ngakhale thumba la feteleza. Mu Januwale ana okhoza kuwerenga ndime yonse osakakamira anali 19. Pofika Julaye anali 40. Ndinawayesa ndekha mmodzimmodzi.

Mtsogoleri wa gulu lina anali Olipa Daka, mtsikana wa zaka 14. Makolo ake ndi akwathu ku Katete, anabwera kuno kudzagwira ntchito pa famu ina. Amayi ake anamwalira chaka chatha. M'Baibulo la atate ake, a Zebron, Olipa anapeza pepala limene atatewo anapatsidwa kuchipatala ku Lusaka. Analitenga chifukwa linali ndi mawu ovuta, ndipo ankafuna gulu lake lipose magulu ena. Sabata imeneyo ndinadutsa pa gulu lawo kangapo, ndinawaona atawerama pa dikishonale, ndinawayamikira, ndinapitirira. Pepalalo sindinaliyang'ane.

Anachita zonse zimene ndinawaphunzitsa. Matanthauzo a mawu sanangowaganizira. Mawu amene sanawapeze m'dikishonale anakawayerekeza ndi chikwangwani cha pakhoma la kiliniki. Lachisanu mnzake wa m'gululo, Cheelo, ndiye anaimirira kuwerenga zimene apeza. Anawerenga bwino, osaphonya liwu. Ndinazindikira mochedwa, atatchula kale dzina la matenda aja amene anthu amaopa kuwatchula, ndi dzina la mwini pepala. Olipa anali atabisa nkhope pa desiki. Ndinamva pambuyo pake kuti iye anazindikira Lachitatu, koma anaopa kuletsa anzake chifukwa lamulo langa linali lakuti mtsogoleri sabisa zimene gulu lapeza.

Lolemba a Zebron anabwera kusukulu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anavula chipewa, nakhala pa khonde, nandiuza motsitsa mawu: "Ba ticha, ine pepala ija nenze kusunga chabe. Adokotala anakamba mu Chizungu, ine ninamvako chabe ati chifuwa. Manje namvela ku bana pa chigayo."

Olipa sanabwerenso. A Zebron tinawaika mu Ogasiti. Ndikudziwa kuti pepala silipha munthu, matendawo anali nawo kale, ndipo ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma miyezi yawo yomaliza anthu a pa famu ankawasiyira kapu yawoyawo, ndipo zimenezo zinachokera m'kalasi mwanga.

Inu mukundidziwa, za mizukwa sindizikhulupirira. Komabe ana a gulu lake mpaka lero sanasankhe mtsogoleri wina, ndipo pa benchi amasiya mpata wake. Sindinawauze kutero. Akamawerenga pamodzi amaima pamapeto a ndime, monga ankachitira podikira kuti Olipa afunse funso, ndipo nanenso ndimapezeka ndaima ndi choko m'manja, ndikudikira. Aphunzitsi aakulu anati ndisiye za maguluzi ndibwerere ku bolodi. Ndinawaonetsa manambala aja, anandilola kupitiriza. Tsopano pepala lililonse limayamba ladutsa m'manja mwanga. Bwenzi ndinayamba choncho.

Pempho langa ndi ili. Maliro atatha, atsibweni ake a Olipa, a Sanford Mbewe, anamutenga kupita naye kumudzi kwawo, tsidya la dambo kuchokera kwa azakhali athu, ulendo wosakwana maola awiri pa njinga. Mayi wina wa pa famu amene anapita kumeneko posachedwa akuti mwanayo sali pasukulu, ndipo akuti mvula ikagwa amulowetsa chinamwali, kenako banja. Sindinazione ndi maso anga, mwina nzokokomeza. Ndikupempha mupite mukaone. Mukakhale pansi ndi a Mbewe monga mumadziwira inu, popeza ine ndikalemba ziwoneka ngati mphunzitsi akulamula pa mwana wa eni. Mukawauze kuti mwanayu anali wachiwiri m'kalasi ya ana 58. Ndaikamo kalata yomusamutsira sukulu, yodinda kale, ndi lipoti lake. Malo a Giredi 8 satsegukira munthu kawiri, ndipo akapanda kulembetsa Januwale asanafike, basi.

Mulinso kakalata kakang'ono ka iye mwini. Ndalembamo zimene ndinalephera kunena tsiku lija, kuti cholakwa chinali changa, osati chake kapena cha Cheelo. Mwina akana kulandira akamva dzina langa. Akakana musamukakamize, mungokasiya kwa munthu amene amamukhulupirira. Koma chonde wina asamuwerengere, ngakhale inu. Mumupatse m'manja, atsegule yekha pamene palibe anthu.

Moni kwa amayi, muwauze asalimbane ndi khasu mwendo usanapole. Moni kwa alamu anga a Bornwell, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu a amayi onse. Mukabwerako kwa a Mbewe mundilembere sabata yomweyo, ngakhale yankho litakhala loipa.

Ndine mlongo wanu,
Tenson