Mtanda Kunsi kwa Patapata

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Landira moni pamodzi ndi bambo akunyumbako. Kuno ku Nsaru tili bwino, kungoti bondo lija likadandivuta.

Pali nzeru ina imene anandiuza a Nabanda, anzanga akutchalitchi, amenenso akundilembera kalatayi. Akuti ukazokota duwa ndi lezala pa nsapato yakutha ya patapata, n'kupaka inki, umadinda khadi lokongola. Ine mtima dyokodyoko kuti ndikudindire la Pasaka, koma yakutha ndinalibe. Mwana wanga, ndinatenga zatsopano zija unanditumizira. Ndinati kunsi saonako munthu. Ina ndinazokota duwa la dzungu, inayo mtanda. Khadi lake ndi limene wagwiralo.

M'mawa mwake mvula itakata, ndinazivala kupita kumjigo. Pobwerera ndinapeza a Nabanda ataima panjira, akuloza matope.

"A Nachisale, mitanda yonseyi mpaka kumjigo! Kodi mwayamba kuponda mtanda wa Ambuye?"

Ndinavula pomwepo, manyazi ake! Pano ndazipachika pakhoma, ndikuyendanso wopanda nsapato. Undikhululukire, ndaononga mphatso yako. Usagule zina ayi, ungondiyankha kuti sunakwiye. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mayi ako,
Nachisale