Chomwe Chikumuwenga Kabwana

Lolemba, 6 Meyi

Zidzolo zabweranso. M'khosi, m'masaya, kuseri kwa makutu. Kabwana wanga wadzikanda mpaka magazi. Kuchipatala, mafuta omwe aja. "Pali chomwe chikumuwenga, mayi, chifufuzeni," anatero adokotala. Ndiyambire pati? Mwana wa zaka ziwiri amagwira chilichonse.

Lachitatu, 8 Meyi

Nditaweruka ku saluni, kalasi ya kafukufuku. Thupi pa benchi, mtima kunyumba. Komabe mawu a aphunzitsi anandilowa: yamba ndi ganizo loti ungaliyese, loti zotsatira zikhoza kulitsutsa. Sintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse zisasunthe.

Ganizo langa: ndi sopo wochapira. Chosintha: sopoyo. Choyang'ana: khungu, m'mawa uliwonse.

Lamlungu, 12 Meyi

Sopo watsopano, zidzolo zomwezo. Bambo ake akufuna tichotse zonse kamodzi: mkaka, bulangeti, mphaka wa apongozi. Ndawaletsa. Akachira choncho, tidziwa bwanji chomwe chinali kumudwalitsa? "Mwana wanga si nyemba zanu zoyesera za m'chitini," anatero, n'kutuluka osadya.

Mwina akunena zoona. Mayi wamtundu wanji ine?

Lachisanu, 17 Meyi

Sopo alibe mlandu. Ganizo lachiwiri: mphaka. Wapita kwa alamu m'katoni, akulira njira yonse. Apongozi tsopano amandiyankhula kudzera mwa mwana. "Awuze amako mchere watha."

Lachinayi, 23 Meyi

Khungu lasalala. Wagona masana osadzikanda. Bambo ake akuimba mluzu. Apongozi nawo avomera kuti anali mphaka, ngakhale maso ali pansi.

Ine ndekha mtima uli m'mwamba. Saluni inatsekedwa Lolemba, akukonza denga, ndangokhala pakhomo. Zasintha ziwiri, osati chimodzi. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 28 Meyi

Tinatsegula saluni dzulo. Tsiku lonse utoto ndi mankhwala owongolera tsitsi. Nditafika kunyumba Kabwana anandithamangira, nkhope pachifuwa panga, monga masiku onse. M'mawa uno masaya psu. Mphaka akadali kwa alamu.

Ntchito imeneyi ndi imene ikundiphunzitsa sukulu. Ina sindidziwa.

Lero ndalowera khomo lakuseri, molunjika kubafa. Zovala m'ndowa. Ndasamba kawiri. Kabwana anandimva basi. Anakhala akumenya chitseko ndi tizikhatho take: "Amama, nyamuleni." Ndinanunkhiza manja anga. Fungo lija likadalipo.

Ndinatsegulanso mpope.