Namzeze Asasinthe Sukulu Chaka Chino

Bambo a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Msana uja mumadandaula nawo uli bwanji? Kuno tonse tilipo. Kamnyamata kanu mano awiri akutsogolo achoka, ndiye kakumaseka katagwira pakamwa ngati mkwatibwi.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ana amakhala atandizungulira, pamene nkhani yake ndi ya mwana wathu wachisamba, Namzeze wanu uja monga mumamutchulira. Munati teremu ikubwerayi mumutenge akakhale ndi azakhali ake kumeneko, akalowe sukulu yaikulu ija. Ndinavomera, koma tamvani kaye zimene zachitika.

Za chibwibwi chake mukudziwa. Chimene nanenso ndangochimva kumene n'chakuti chaka chatha anzake anamupatsa dzina loti Injini, ati amalankhula ngati galimoto yokana kulira. Anasiya kukweza mkono m'kalasi. Tsiku lowerenga mokweza ankadzuka akudandaula m'mimba, ine n'kumamumwetsa mankhwala, osadziwa kuti matenda ali kusukulu.

Teremu ino kalasi lawo lalandira mphunzitsi watsopano, mayi wamtali wosachedwa kuseka. Ana amawatcha Madamu a Ambulera, poti kaya kuli dzuwa kaya mvula, ambulera ili m'khwapa.

Sabata yoyamba mwana wathu sanamufunse kanthu. Kenako tsiku lina poweruka anamupempha kuti atsale awathandize kufufuta bolodi. Mwanayo akuti anaganiza kuti walakwa. Koma iwo anangoyamba kumufotokozera za mphaka wawo amene amakonda kugona pa makope a ana akamachonga. Bolodi itayera, anamuuza kuti aona kuti zimene amalemba m'kope zimakhala zanzeru, ndipo sadzamuloza mwadzidzidzi. Anagwirizana kuti tsiku limene akufuna kuyankha, agoneke pensulo mopingasa pamwamba pa desiki. Ikakhala m'manja, iwo azingodutsa. Palibe mwana wina anadziwa zimenezi.

Pensuloyo inakhala m'manja nthawi yaitali. Madamu sanamukumbutse. Ankangomupatsa moni pakhomo ngati ena onse, nthawi zina n'kumunong'oneza zimene mphaka wawononga.

Lachitatu lapitali, pa sayansi, anafunsa kuti ndi chiwalo chiti chimasefa magazi m'thupi. Mwana wathu anagoneka pensulo. Madamu anaona, n'kumutchula. Anaimirira, koma mawu anakakamira pamilomo. Mnyamata wina kumbuyo anayamba kulira ngati injini, ena n'kuyamba kuseka.

Madamu sanakalipe. Anayenda mpaka kumbuyoko, n'kukhala pa benchi pambali pa mnyamatayo. Anati iwo sakufulumira, ndipo ngati alipo amene akufulumira anene kumene akupita. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Mwana wathu analimbana nawo mawuwo mpaka anatuluka: mtima.

Bambo, yankholo linali lolakwa. Madamu anamuuza pomwepo kuti ayi, ndi impso, kenako anamufunsa chimene chinamuganizitsa za mtima. Iye anafotokoza, akukakamirabe apa ndi apo, kuti poti magazi onse amadutsa mmenemo. Iwo anati maganizowo ndi omveka, n'kujambula pa bolodi kusiyana kwa ziwirizo, phunziro n'kupitirira.

Ataweruka, mwanayo anandipeza ndikuchapa. Anandiuza kuti lero walakwa yankho m'kalasi, uku akumwetulira mpaka m'makutu. Ndinamufunsa kuti nanga chosangalatsa n'chiyani pamenepo. Anati, "Amama, andikonza yankho. Za pakamwa panga sananenepo." Ndinaweramira m'beseni kuti asaone misozi.

Mawa lake ndinapita kukawathokoza Madamuwo. Anandikhazika pampando wawo, iwo n'kudzipanikiza pa desiki ya ana, mawondo kufika pachifuwa. Anandiuza mosabisa kuti chibwibwi sichinathe, mwina sichidzatha, koma mwanayo wayamba kukhulupirira kuti anthu angathe kumudikira. Anapempha chinthu chimodzi, kuti kunyumba tisamamumalizire mawu. Ndinaseka mwamanyazi, poti ine ndimatero ndikatanganidwa. Inu ndiye mumaposa, akangoyamba "ndi..." mwamumalizira kale chiganizo chonse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikudziwa mumamufunira zabwino, ndipo sukulu ya kumeneko ili ndi laibulale ndi makompyuta zimene kuno kulibe. Sindikukana kuti adzapite. Koma akapita tsopano akapeza nkhope zatsopano, mwinanso dzina latsopano, ndipo ndikuopa kuti akatsekanso pakamwa pamene pangoyamba kutseguka. Msiyeni amalize chaka chino ndi Madamu ake. Chaka chamawa tidzakhale pansi atatu, iyenso anenepo.

Ndamufunsa mwini wake ngati akufuna ndikuuzeni zonsezi. Anati zina ndilembe, koma zoti akufuna kutsala anena yekha ndi pakamwa pake. Wakhala akuyeserera kuseri kwa nyumba, akulankhula ndi malaya anu akale amene ndinayanika pachingwe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze chifukwa cha mtima wawo wofuna kumulera. Muwafotokozere bwino, asaganize kuti tawakana. Mulungu akusungeni pantchitopo, msanawo musamaunyamulitse zolemera.

Lamlungu masana mwanayo akuimbirani. Mukamva kuti kwati chete, si netiweki ayi. Musanene kuti halo halo, musadule. Ali pomwepo, akubwera nawo mawu ake.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a ana anu