Liwu Limene Esinati Anandinenera Kumunda

Amayi, kodi mukudzukako bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Chiosya tilipo. Mvula inachedwa, komabe mtedza wachita bwino, ndipo mbuzi yanu yamawangamawanga ija yaswa mapasa.

Chimanga ndiye chandichititsa manyazi. Mbewu ndinagula pamsika wa Kamwendo kwa bambo wina wapakamwa pokoma, mapaketi omata bwinobwino. Sinamere ndi theka lomwe. Tinazindikira mochedwa kuti chinali chimanga wamba chopaka utoto.

Mng'ono wanga Esinati anabwera pa Isitala kuchokera ku Lilongwe, pagalimoto ndi amuna ake. Nditawaonetsa mundawo, iye anaseka pang'ono n'kuwalankhula amuna akewo m'Chingerezi, ine ndili pomwepo. Ndinagwirapo liwu limodzi lokha, ndipo ndinalisunga m'kamwa mpaka Lamulungu. Titaweruka kutchalitchi ndinakawafunsa a Mbewe, aphunzitsi opuma aja amene timaimba nawo kwaya.

Anandilembera papepala kuti hoodwink. Anati poyambirira linkatanthauza kumuvindikira munthu nsalu kumaso kuti asaone, koma lero amanena akamupusitsa wina ndi mawu okoma. Kwathu kuno timati kupaka phula m'maso. Ndinawafunsa ngati ndi chipongwe. Iwo anati, "Ayi mayi, mlandu umagwera wopusitsayo. Komanso liwuli limakhala pokhapo munthu akudziwa kuti akunama. Amene analonjeza ndi mtima woona zinthu n'kumukanika, silimukhudza."

Pobwerera kunyumba sindinkaganizanso za bambo wa mbewu uja. Ndinkaganiza za inu.

Mukukumbukira chaka chimene matalala anaononga fodya wathu? Ndinali nditasankhidwa kupita ku sekondale. Munandikhazika pakhonde n'kunena kuti ndiyambe ndakuthandizani kumunda, ndidzapita chaka chamawa. Chaka chamawacho anasankhidwa Esinati, ndipo amene anamusenzera sutikesi mpaka pamsewu ndine. Za ine simunazitchulenso.

Kodi tsiku limenelo munkadziwa, Amayi? Munandiphimba m'maso, kapena nanunso simunkaona kutsogolo? Muli moyo ndinkaopa kufunsa. Tsopano ndalimba mtima pamene simungandiyankhe.

Munkakonda kunena kuti nsanje ndi chiswe, imadya nyumba ya mwini wake. Yanga yadyeka ndithu. Ndimachita nsanje ndi manja osalala a Esinati, ndi mmene amfumu amamupatsira mpando ine ndikukhala pamphasa. Pamaliro anu anthu ankati mwana wa malemu wafika, ngati kuti ine amene ndinakusambitsani miyezi isanu ija ndinali wantchito. Choposa zonse, ndimachita nsanje kuti iye angathe kundinena ndili pomwepo, ine osamva. Komatu masamu ndinkamuphunzitsa ndine.

Nkhani ina ndi yakuti Esinati ndi woyembekezera, patatha zaka zonsezi akudikira. Dzana anandiimbira foni akulira. Akuti akuchita mantha, ndipo sakufuna wina aliyense womudikirira kuchipatala koma ine. Zonsezo analankhula m'Chichewa.

Ndipita, Amayi. Ndikangomaliza kukumba mtedza ndikwera minibasi. Sindikunamizani kuti mtima wayera, ayi. Koma mdzukulu wanuyo ndikamulandira ndi manja awiri, ndipo ndikamusambitsa monga mukanachitira inu.

Ndimakukondanibe,
mwana wanu woyamba,
Felesiya