Atate Amasula Katundu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Julieta. Dzanja langali mwalizindikira kale, paja munkati ndimalemba ngati nkhuku yapalasa pabwalo. Ndakhala pakhonde panu, mvula yangokata kumene, ndipo chichokereni inu mu Junyu, lero ndiye ndikupuma mpweya wofika m'mimba. Chifukwa chake ndikuuzani, koma ndiyambe ndi zing'onozing'ono, poti inu simunkafuna munthu wothamangira ndiwo asanasambe m'manja.

Mng'ono wanga Rosita anabereka bwino mu Setemburu, mwana wamkazi. Tamutcha Veronika, dzina lanu, ndipo pakamwa anatengeranso inu, moti akayamba kulira mudzi wonse umadziwa kuti pali chimene sichinamusangalatse. Chimanga munasiya m'nkhokwe chija chatifikitsa mpaka lero, ngakhale anankafumbwe anatidyera chapansi. Cha chaka chino chafika m'chiuno ndipo kubandira tamaliza. Mbozi zinayamba kumunda wa kudambo, ife n'kuthira phulusa ndi dothi m'mitima ya chimanga monga munkachitira, ndipo zachepako. Mbuzi yanu yamawanga ija idakali yakuba. Sabata yatha inatafuna nsalu ya kapulana ya Rosita ili pachingwe, koma palibe amene akulimba mtima kuigulitsa.

Tsopano za Atate, zimene zandichititsa kutenga cholembera.

Mu Otuburu mlongo wanu, aMalume Fulujensiyo, anaitanitsa abale kuti tidzamete ndi kusudzula Atate. Anayankhula bwino ndithu, ataimirira pansi pa mango. Anati, "Alamu, maliro atha. Mwatisungira mlongo wathu zaka makumi anayi ndi zisanu. Takumasulani, njira ndi yanu." Anthu anaomba m'manja, Atate anaweramitsa mutu, tinadya n'kubalalika. Ine ndinangomva mawu a mwambo basi. Sizinandifike m'mutu kuti munthu amene anabzala mango onse a pamudzi pano angakumbukire kuti anabwera ngati mkamwini, atanyamula mkeka ndi khasu kuchokera ku Mualadzi.

Koma iwo anakumbukira. Kuyambira tsiku limenelo kumunda ankapita, koma ankalima ngati waganyu, osanenapo kuti apa tibzale chakuti. Mchere ankachita kupempha m'nyumba mwawo momwe. Ukawafunsa kuti vuto n'chiyani, ankangoti mlendo ndi mame. Tsiku lina ndikusesa kuchipinda ndinapeza thumba lomangidwa pamwamba pa mtanda. M'kati munali malaya awiri, jekete la kutchalitchi, kolona yanu, ndi rakete yawo ija yomenyera tenisi. Ndinakhala pansi, Amayi. Ku Mualadzi mukukudziwa. Abale awo onse anatha, pamene panali nyumba yawo pamera nsungwi, ndipo watsala ndi mdzukulu mmodzi amene amadzuka ndi kachasu n'kugona ndi kachasu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, bondo lotupa, akanakaphikiridwa ndi ndani?

Tenisi inu simunkaikonda, ndikudziwa. Munkati amuna aakulu ndi ndevu zawo kulimbirana kandimu kamodzi, chonsecho mandimu akuwola pansi kuseri kwa nyumba. Munkafunsanso ngati anthu owerenga khumi ndi zisanu, makumi atatu, kenako makumi anayi, anapitako kusukulu. Komabe ukonde wa pabwalo la simenti la ku misau, kutchalitchi kuja, pamene Atate anaphunzirira masewerowa akutolera apadiri mipira, munkausoka ndinu chaka chilichonse, uku mukung'ung'udza. Ndipo Janeru akafika, nyengo yatsopano ya akatswiri ikayamba, munkawawotchera chinangwa kuti akadye ku baraka ya zakumwa ya pamsika wa Nsadzo, kumene kuli sola ndi kanema. Masewero oyamba a chaka amachitikira kudziko lakutali, moti a madzulo kumeneko amatipeza kuno kudakali m'mawa.

Mkulu uja amene Atate akhala akumutsatira zaka pafupifupi makumi awiri, amene amamutchula kuti mnzanga, akadasewerabe. Anzake onse amene ankalimbana nawo anapuma. Watsala yekha pakati pa ana amene ankayamwa iye akunyamula kale zikho, ndipo anawo sakumuopanso. Tsono tsiku la chaka chatsopano, tikudya, Atate anangoti, "Mnzanga uja akagonja kwa anawa, inenso ndinyamuka. Bwalo likasanduka la ana, wamkulu amachoka yekha asanamutulutse."

Ndinaseka, kenako ndinaona kuti ndikuseka ndekha. Mtima wanga mukuudziwa, ndi wanu womwe. Ndinawauza kuti n'zopanda nzeru kumangirira moyo wawo pa bondo la mzungu amene sadziwa n'komwe kuti Nsadzo ili kuti. Ndinawauza kuti akufuna kutichititsa manyazi, anthu azidzati ana a Veronika anathamangitsa bambo awo. Ndinayankhula zambiri. Iwo anasamba m'manja n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo thumba linakhalabe pamtanda.

Ndiye musaseke, Amayi, ngakhale ndikudziwa kuti museka. Ana anu tinasanduka anthu a tenisi. Ine amene ndinkadutsa pa baraka ija nditayang'ana kumbali, ndinayamba kutsamiritsa khasu pakhomo pake n'kukhala pa benchi pakati pa amuna, matope ali m'miyendo. Azimayi anzanga a m'gulu la kutchalitchi anandifunsa ngati ndayamba mowa. Rosita anayamba novena yopempherera bondo la mkulu uja, ndipo dzina lake litamuvuta kutchula anati Mulungu akumudziwa. Aprofesori Zakariya, amene amaphunzitsa pasukulu ya pa Nsadzo ndipo amamva zilankhulo za pakanema, anandiphunzitsa kuwerenga kwawo kokhotakhota kuja mpaka ndinakudziwa.

Masewero oyamba mkuluyo anapambana mosavuta, ine n'kubwerera kumunda ndikuimba. Achiwiri anapambananso. Achitatu anachita kukwawa, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kumwamba pafupipafupi, koma anadutsa. Atate sankasangalala kapena kudandaula. Ankangoonera manja ali pachibwano, ngati munthu amene akudikira galimoto.

Kenako linafika Lachisanu lija. Anakumana ndi mnyamata wamtali, wa nkhope yosamera ndevu bwino, wothamanga ngati mbuzi yanu ikaona khomo la nkhokwe lili pululu. Mpira uliwonse umene mkuluyo ankaubisa pakona, mwanayo ankaupeza n'kuubweza ndi ukali woposa. Chigawo choyamba mkuluyo anatenga ndi nzeru zokha, ine mtima n'kukhalako pansi. Koma dzuwa likukwera kuno, miyendo yake inayamba kukana. Ankatsamira rakete ngati ndodo. Analimbana maola anayi, Amayi, ndipo sindinaonepo munthu wokana kugonja chotero kupatula inu pa matenda anu aja. Mpira womaliza anaumenyetsa mu ukonde.

Ndinayang'ana Atate, ndikuyembekeza kuti adzuka. Sanadzuke, maso anali pakanema. Mnyamata uja anafika pa ukonde, anavula kapu, n'kumukumbatira mkuluyo nthawi yaitali. Atamupatsa choyankhulira, mnyamatayo sanayambe ndi za kupambana kwake. Aprofesori ankatimasulira kuti akunena kuti anakula akuonera mkuluyo, ndipo akumupempha kuti asasiye, adzabwerenso chaka chamawa chifukwa bwalo limenelo ndi lakenso. Anthu onse kumeneko anaimirira. Apo Atate anayankhula chapansipansi, osayang'ana munthu.

"Mwaona? Kumeneko wogonja amamuuza kuti abwerenso."

Amayi, ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Miyezi itatu yathunthu ndinawaphikira, ndinawachapira, ndinawakalipira, koma mawu akuti khalani sanatuluke pakamwa panga kapena pa munthu wina aliyense. Ndipo ngakhale akanatuluka pakamwa panga, ine ndine mwana, wa mbumba ya kuchikazi. Amene anawamasula pamaso pa anthu ndi mwini mbumba, ndipo iwo ankadikira kuti yemweyo ndiye awauze.

Khasu ndinaliiwala pa baraka pomwepo. Ndinapita kwa aMalume wapansi, mvula ikuwaza, n'kuwapeza m'chigafa akusoka fodya. Moni ndinapereka wachidule, ndipo kugwada ndinakumbukira nditayankhula kale theka la nkhani. Mukanakhalapo mukananditsina. AMalume anati iwo ananena mawu omwewo amene amalume awo ankanena posudzula, osawonjezera kapena kuchotsera, ndipo ankaganiza kuti ana tinawauza bambo athu madzulo omwewo kuti asapite. Anandifunsa ngati munthu amachita kuuzidwa kuti akhale m'nyumba imene anamanga yekha. Ndinawayankha kuti mkamwini amauzidwa, ndipo ife tinkaganiza kuti ntchitoyo ndi yawo. Pamenepo tonse awiri tinakumbukira mawu anu aja, akuti mphika wosonkhezera anthu awiri umapserera, poti aliyense amati mnzanga akuuona. AMalume anapukuta m'maso n'kunena kuti fodya wawalowa.

M'mawa mwake Atate anadzuka, anasesa pakhonde panu, anapereka nkhwangwa yawo kwa mwamuna wa Rosita, n'kumangirira thumba lija panjinga. Ine ndinkangowachedwetsa ndi phala, lotentha dala. Rosita anawapatsa mwana kuti amunyamule, akudziwa kuti sangakwere njinga ali ndi khanda m'manja. Kenako aMalume anatulukira atavala jekete, tambala ali m'khwapa, akazi awo ndi abale ena anayi ali pambuyo. Anakhala pansi pa mango womwe uja, n'kundituma kuti ndikawaitane Atate, ngati sakuwaona ali poteropo.

"Alamu, ndinalakwa," anatero aMalume. "Ndinakumasulani ku maliro, sindinakuchotseni pamudzi. Mudzi uno ndi wanu, ana awa ndi anu, ndipo ine ndikadzafa mudzandiike ndinu. Khalani."

Atate anayang'ana tambala uja n'kunena kuti ndi wowonda. Anayang'ananso mwana amene anali pamiyendo pawo. Kenako anati, "Chabwino. Ndikhala mpaka nyengo ya tenisi ithe."

AMalume anavomera n'kuomba m'manja, abale onse n'kuomba nawo, koma ine mtima unanyamukanso. Zonsezi kuti tingowonjezera masabata angapo? Masana omwewo ndinapita kwa aprofesori kukafunsa kuti nyengoyo imatha liti. Anaseka mpaka kutsokomola. Ati imatha mu Novemburu, n'kuyambanso mu Janeru, ndipo pakati pakepo ndi nthawi yobzala, imene mlimi wanzeru sayenda ulendo. Ati Atate zimenezi amazidziwa kuposa munthu aliyense m'boma lonse la Chifunde. Mwamuna wanu mumamudziwa nokha, kunena kuti ndakondwa kumamuvuta ngati kumeza mankhwala owawa.

M'thumba muja tsopano muli nyemba. Kolona yanu yabwerera pamsomali, jekete lili pachingwe chake, ndipo nkhwangwa anakaitenganso kwa mkamwini wawo, ati anangomubwereka. Dzulo anandikalipira kuti ndiwo zanga n'zosakolera mchere, ndiponso kuti mizere ya kumunda wa kudambo tinaikhotetsa iwo asakuona. Sindinayambe ndakondwerapo ndi kukalipiridwa ngati dzulo.

Ku baraka akupitabe. Mnzawo uja sanasiye, akuti aseweranso kwina mwezi wamawa, ndipo iwo adakali naye. Koma lero pobwera anandiuza kuti mnyamata amene anamugonjetsa uja dzanja ali nalo, kungoti akafika pafupi ndi ukonde amapupuluma, ndipo zimenezo zimatha ndi kukula. Ati amuyang'anira aone m'mene akhwimire. Mwanayo ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, Amayi, ndipo mnzawo uja wasewera mpaka kuyandikira makumi anayi. Werengani nokha, inu amene munkadziwa kuwerenga kowongoka.

Tsono pepani, muwadikireko pang'ono kumeneko, ife tidakawafuna. Ukonde wa ku misau uja wang'ambika pakati, ndipo ndikukulonjezani kuti chaka chino ndiusoka ine, ngakhale kusoka kwanga kuli ngati kulemba kwanga. Ndikulonjezanso kuti mawu oyenera kunenedwa pakhomo pano ndiziwanena, osadikira kuti wina anena.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Julieta