Kwathu Sitigula Pawindo

3 Novembala
Atate afika kuchokera ku Chipata. Majekete awiri, chipewa cha ubweya, koma kunjenjemerabe. Kalata ya khonsolo ili pafiriji: pa 14 ndikalumbira kukhala nzika ya Britain. Aiwerenga kawiri. "Ukalumbira kwa Mfumu yawo? Ine kumeneko sindikapondako." Zaka khumi ndi chimodzi ndikudikira tsikuli, ndipo ndinawaitanira lomweli. Zandiwawa.

5 Novembala
Atate aona anthu atavala timaluwa tofiira tokumbukira asilikali, basi nkhani ya agogo aamuna yayambanso. Agogo anamenyera Mfumu nkhondo ku Burma. Atabwerako, mendulo pachifuwa, analowa m'butchala ya mzungu ku Fort Jameson, Chipata wa lero. Anawatulutsa, ati munthu wakuda amagulira pakawindo kakumbali. Kuyambira tsikulo sanadzitchenso msilikali wa Mfumu. Analowa chipani chomenyera ufulu, mendulo ija nkumatira ndowa yodontha.

Mpaka lero kwathu sitigula pawindo. Pasiteshoni ya sitima ya Edmonton Atate akana kugula tikiti pawindo. Takwera basi, ola lathunthu chiimirire. Kuseka ndaseka, koma miyendo yanga!

10 Novembala
Ndinaiwala chakudya kunyumba. Atate anandilondola nacho okha mpaka kuchipatala komwe ndimagwira ntchito. Sindinawauzepo kuti ku famase mankhwala ndimaperekera pakawindo. Mzere wautali, ambiri azungu, aliyense kuwerama pagalasi, chonde apa, zikomo apo. Ine mkati, makiyi m'chiuno. Atate anaima pakona nthawi yaitali, akuonerera. Chakudya sanandipatsire pawindo. Anazungulira nkugogoda pachitseko.

11 Novembala
Atate aimbira foni Lusaka yonse. "Phoebe wanga ali mkati. Azungu ndiwo ali panja, pamzere!" Azakhali a Sibeso kuseka mpaka kutsokomola. Ndawauza Atate kuti amenewo ndi odwala, pamzerepo pamaima aliyense, ngakhale ine ndikadwala. Ndikungotaya malovu. Madzulo Atate anati, "Agogo ako akanaona." Ine nkupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Za pa 14 sanatchule. Inenso sindinafunse.

14 Novembala
Ndadzuka ndapeza Atate akusita suti. Ati sakupita kwa Mfumu, akupita kwa mwana wawo. Funso limodzi lokha: "Kuholo yolumbirirako tikalowera pati?" Ndati pakhomo lalikulu, lakutsogolo, aliyense amalowera pomwepo.

Akupukuta nsapato. Takisi ili panja.